Dzanja Likaikidwa pa Makina, Lamulo Limati Chiyani?

Beverly Butcher anagwirira ntchito kampani ya malasha ya Consol Energy kwa zaka 37, zambiri mwa zakazo pa mgodi wa Robinson Run m'chigawo cha West Virginia ku America, ndipo mbiri yake ya pantchito inali yabwino. M'chaka cha 2012 kampaniyo inaika makina atsopano olembera nthawi. Wantchito aliyense, polowa ndi poweruka, ankayenera kusanjika dzanja lamanja pa makinawo kuti aliyeze ndi kutsimikiza kuti amene wabwerayo ndi iyeyodi. Zifukwa zimene mabwana amagulira makina otere n'zodziwika: amafuna kuti malipiro azigwirizana ndi maola amene munthu wagwiradi, komanso kuti wina asamasainire mnzake amene wajomba.

Butcher anakana. Anali Mkhristu wolimbikira, ndipo malinga ndi mmene ankamvera chaputala 13 cha buku la Chivumbulutso, kupereka dzanja ku makina amenewa kunali kudzitengera chizindikiro cha chilombo. Kulembetsa nthawi sanakane ayi. Anapempha kuti azikaonekera kwa kapitawo wake, kapena azidinda khadi monga zinkachitikira kale. Mabwana anamupatsa kalata yochokera kwa opanga makinawo, yofotokoza kuti lembalo likutchula dzanja lamanja ndi pamphumi pokha, choncho iye angoikapo lamanzere. Anakananso. Poona kuti kutsogolo kuli chilango mpaka kuchotsedwa ntchito, anapuma pantchito asakufuna mu Ogasiti chaka chomwecho.

Chimene chinaigwetsa kampaniyo kukhoti chinali pa mgodi pomwepo. Panali antchito awiri ovulala m'manja amene makinawo sakanatha kuwayeza, ndipo iwo analoledwa kumangolemba nambala yawo ya ntchito pa mabatani a makina omwewo. Njira ina inalipo, yosalira ndalama, koma Butcher anamanidwa. Bungwe la boma loona za tsankho pantchito, la EEOC, linatengera nkhaniyi kubwalo la milandu pogwiritsa ntchito lamulo la ufulu wa anthu la mu 1964. Mu 2015 khoti linalamula kuti Butcher apatsidwe madola oposa 586,000, kuphatikiza chipukuta misozi ndi malipiro amene anataya, ndipo mu 2017 bwalo la apilo linagwirizana ndi chigamulocho. Oweruza ananena mosapsatira kuti si ntchito ya bwana, ngakhalenso ya khoti, kuweruza ngati munthu akumva molondola malemba a chipembedzo chake. Chofunika n'chakuti amakhulupiriradi zimenezo, ndipo kumulolera sikukanaisautsa kampaniyo.

Si onse amene angagwirizane ndi kamvedwe ka Butcher ka buku la Chivumbulutso, ndipotu makina aja sasiya chizindikiro chilichonse pakhungu. Koma mlandu wake unaika poyera mfundo imene imakhudza mlonda, namwino, wosoka m'fakitale ndi mwana wasukulu mofanana, kaya amapemphera kaya sapemphera. Amene akufuna kuyeza thupi la mnzake kuti azimuzindikira ndi amene ali ndi udindo wofotokoza chifukwa chake, ndipo ngati pali njira ina yosavuta, kuikaniza n'kulakwa.

Akatswiri amaika makina a mtunduwu m'gulu la biometrics, njira zozindikirira munthu pogwiritsa ntchito thupi lake: zidindo za zala, nkhope, diso kapena mawu. Komabe oyeza dzanja ndi osiyana ndi amene anthu ambiri anawaona polembetsa chiphaso cha unzika. Sawerenga mizere ya pachala, ngakhale ya pachikhatho. Munthu amayamba walemba nambala yake kapena kuonetsa khadi, kenako amaika dzanja, chikhatho chitayang'ana pansi, pa kachitsulo kosalala pamene pali tizikhomo tisanu tothandiza kuti zala zitambasuke mofanana nthawi zonse. Kamera, mothandizidwa ndi galasi la pambali, imaona maonekedwe a dzanjalo kuchokera pamwamba ndi cham'mbali. Pamenepo makina amayeza kutalika kwa chala chilichonse, kunenepa kwake, kutalikirana kwa mfundo za zala, kutambalala ndi kuchindikala kwa dzanja lonse. Makina otchuka a HandKey ndi HandPunch amatenga miyezo yoposa 90 n'kuipanikiza kukhala kachinthu kakang'ono kwambiri, ka mabaiti 9, malo ongokwana zilembo 9 mu kompyuta. Zonsezi zimatha pa sekondi imodzi kapena kuposerapo pang'ono.

Ntchito yake ikufanana ndi ya telala amene amayeza kasitomala ndi tepi n'kulemba manambala m'kope. M'kopemo mulibe nkhope ya munthu, muli miyezo yokha, ndipo anthu awiri osadziwana angathe kukhala ndi miyezo yoyandikana moti malaya a wina n'kumukwana mnzake. Manja a anthu sasiyana kwambiri moti makina n'kutola munthu mmodzi pakati pa mamiliyoni. Chimene amatha n'kuyankha funso limodzi laling'ono: kodi dzanja ili likufanana mokwanira ndi limene linalembetsedwa pa nambala iyi? N'chifukwa chake akaundula a anthu ambirimbiri, monga a ziphaso za unzika, amadalira zidindo za zala, nkhope kapena diso. Komano pachipata cha fakitale, cha mgodi kapena pamalo omanga nyumba, oyeza dzanja amachita bwino, chifukwa fumbi, girisi ndi zala zoperepeseka ndi simenti siziwasokoneza monga zimachitira ndi makina a zidindo za zala.

Kugwiritsa ntchito dzanja ngati umboni kunayamba kalekale. Mu 1858 William Herschel, mkulu wina wa atsamunda a ku Britain m'chigawo cha Bengal ku India, anauza wamalonda wotchedwa Rajyadhar Konai kuti adinde chikhatho chonse pa pangano lopereka zipangizo zomangira msewu, kuti asadzakane. M'zaka za m'ma 1880 Alphonse Bertillon wa ku polisi ya Paris anayambitsa kaundula wa omangidwa, woyeza mutu, mkono, phazi ndi chala chapakati cha kumanzere. Njira yakeyo inafalikira m'maiko ambiri, kenako inagonja kwa zidindo za zala, mwa zina chifukwa apolisi awiri poyeza munthu mmodzi ankatha kupeza manambala osiyana. M'nkhani ziwiri zonsezi woyeza anali wamphamvu, woyezedwa analibe chonena. Mpaka lero nthawi zambiri zimakhala choncho: makina amagula ndi bwana, dzanja amapereka ndi wofuna ntchito.

Makina amagetsi oyeza dzanja anayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo oyambirira ankatchedwa Identimat. Amene afala masiku ano anachokera ku luso la David Sidlauskas la pakati pa zaka za m'ma 1980 ndi kampani ya Recognition Systems ya ku California, yomwe ija inalemba kalata ya dzanja lamanzere. Mu 1993 boma la America linayamba kuwagwiritsa ntchito pa mabwalo a ndege, kuyambira pa JFK ndi Newark, m'ndondomeko ya INSPASS yothandiza oyenda pafupipafupi kudutsa msanga. Pa masewero a Olympics a mu 1996 ku Atlanta, anthu oposa 65,000 analembetsa manja awo kuti azilowera m'mudzi wa osewera. Koma kumene makinawa akhazikika kwenikweni ndi pantchito, polemba nthawi yolowa ndi yoweruka.

Pali chinthu chimodzi chimene ogulitsa makinawa sachitchula kawirikawiri, chonsecho wantchito aliyense ayenera kuchidziwa. Makina sanena motsimikiza kuti uyu ndi uje. Amangowerengera kuti dzanja la lero layandikira bwanji ku dzanja la tsiku lolembetsa, ndipo malire olandirira kapena kukanira amasankha ndi munthu amene akuwayendetsa. Akawakhwimitsa, eni manja enieni amayamba kukanidwa. Akawafewetsa, wachilendo amene dzanja lake likufananako amatha kulowa. Palibe poikira malire pamene zolakwa ziwirizi zimatheratu pamodzi.

Dzanjanso limasintha. Limatupa munthu akadwala kapena mayi akakhala woyembekezera, limapindika ndi nyamakazi, limauma pambuyo pa sitiroko. Pali odulidwa chala ndi makina a pantchito pomwepo, pali amene khate linawasiyira zala zoduka, pali obadwa ndi zala zolumikizana. Bandeji kapena mphete yaikulu imasokoneza muyezo, ndipo dzanja la mwana limakula chaka ndi chaka. Makina ambiri amasintha pang'onopang'ono miyezo imene anasunga kuti atsatire kusintha kwa mwini dzanja, koma kusintha kwadzidzidzi amakuona ngati munthu wina.

Pa nkhani ya ufulu, tanthauzo lake n'lakuti zimene makina alemba ndi umboni umene ungathe kutsutsidwa. Wantchito amene wadulidwa malipiro chifukwa makina sanamulembe tsiku limene anagwira ntchito ali ndi ufulu wobweretsa umboni wina: kapitawo, anzake, buku la mlonda, ntchito imene anagwira tsikulo. Ku Malawi gawo 31 la malamulo aakulu a dziko limapereka ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito, ndipo gawo 57 la lamulo la ntchito la mu 2000 limaletsa kuchotsa munthu popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mpata wodziteteza. Gawo 20 limaletsa tsankho, ndipo ulumali watchulidwamo. Kampani imene chipata chake chimatseguka kwa okhawo a zala zisanu zowongoka, popanda khomo lina, ikusala anthu ngakhale isanatchule dzina la munthu aliyense.

Masiku ano pabweranso makina ena amene anthu amawasokoneza ndi oyeza dzanjawa. Mabanki ena a ku Japan anayamba mu 2004 kugwiritsa ntchito makina owerenga mitsempha ya m'kati mwa chikhatho ndi kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo mu 2020 kampani ya Amazon inayambitsa njira yolipirira m'sitolo poonetsa chikhatho, yotchedwa Amazon One. Makina amenewa amatenga zambiri kuposa miyezo chabe, ndipo amatha kuzindikira munthu pakati pa gulu lalikulu popanda khadi kapena nambala. Munthu akauzidwa kuti aike dzanja, ndi bwino afunse kuti makinawo ndi a mtundu uti.

Kunena chilungamo, miyezo ya dzanja ikabedwa ngozi yake ndi yocheperapo kusiyana ndi ya zidindo za zala. Munthu sasiya miyezoyi pa kapu imene wamwera, ndipo siingamulozere mosakayikitsa pakati pa anthu a dziko lonse. Vuto n'lakuti simasungidwa yokha. Imakhala pamodzi ndi dzina, nambala ya chiphaso, ndi mndandanda wa tsiku ndi tsiku wa nthawi imene munthu analowa, anatuluka, anachedwa, anapita kuchipatala. Mndandanda umenewu unasonkhanitsidwa kuti awerengere malipiro, koma mawa ungagwiritsidwe ntchito pofufuza amene anatuluka pa ola la msonkhano wa bungwe la apantchito. Komanso nambala yachinsinsi ikaululika munthu amasankha ina, pamene dzanja ndi lomwelo mpaka kumanda. Mu 2015 akuba a pa intaneti analowa m'makompyuta a ofesi yosunga mbiri ya ogwira ntchito m'boma la America n'kutenga zidindo za zala za anthu 5.6 miliyoni. Anthu amenewo sangapatsidwe zala zina.

Lamulo limene latchuka kwambiri pa nkhaniyi linabadwa chifukwa cha mantha ngati amenewa. Kampani ya Pay By Touch, imene inkalola anthu kulipira m'magolosale podinda chala, inagwa ndi ngongole mu 2007, ndipo anthu anayamba kufunsa kuti zidindo zawo zipita kwa yani katundu wa kampaniyo akamagulitsidwa. Chaka chotsatira, chigawo cha Illinois chinakhazikitsa lamulo la Biometric Information Privacy Act, limene limatchula mwachindunji kuyeza maonekedwe a dzanja pamodzi ndi nkhope, diso, mawu ndi zidindo za zala. Limati kampani isanatenge chilichonse mwa zimenezi iyenera kudziwitsa munthu polemba, kufotokoza cholinga ndi kutalika kwa nthawi imene idzasunge, ndi kulandira chilolezo cholembedwa. Limaletsa kuzigulitsa. Limalamula kuti ziwonongedwe cholinga chake chikatha, kapena pasanathe zaka zitatu kuchokera pamene munthuyo anasiyana ndi kampaniyo. Chimene chinalipatsa mano n'chakuti munthu wamba angathe kukasuma yekha, n'kulandira madola 1,000 ngati kampani inalakwa mosasamala, kapena 5,000 ngati inachita dala.

Mu Januwale 2019 khoti lalikulu la Illinois linagamula mlandu wa mayi wina, Stacy Rosenbach, amene mwana wake wa zaka 14 anadinditsidwa chala pa malo achisangalalo a Six Flags makolo osafunsidwa. Kampaniyo inati mwanayo sanapwetekedwe chilichonse. Khoti linayankha kuti kumulanda munthu mwayi wovomera kapena kukana ndi kumupweteka kale. Mu 2022 kampani ya sitima zapamtunda ya BNSF inapezeka yolakwa potenga zidindo za madalaivala a malole 45,600 pa zipata zake popanda chilolezo cholembedwa. Poyamba ndalama zake zinawerengedwa kuti ndi madola 228 miliyoni, ndipo pamapeto mbali ziwirizo zinagwirizana za madola 75 miliyoni. Makampani anadandaula kuti zilangozi zanyanya, moti mu 2024 aphungu a Illinois anasintha lamulolo kuti munthu azilipidwa kamodzi, osati pa ulendo uliwonse umene anaika dzanja pa makina. Udindo wodziwitsa ndi kupempha chilolezo sunasinthe.

Komatu chilolezo chimene munthu amapereka pantchito n'chovuta kuchikhulupirira. Wofuna ntchito amene wapatsidwa fomu pa tsiku loyamba, kunyumba kuli ana ndi lendi, amasaina chilichonse. Malamulo a ku Ulaya ndi ku Britain anaiona mfundo imeneyi. Lamulo la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2018, limaika zizindikiro za m'thupi m'gulu la zinthu zoletsedwa kuzitolera pokhapokha pali chifukwa chapadera, ndipo chilolezo chimawerengedwa kuti n'chenicheni ngati munthu akanatha kukana osataya kanthu. Mu Febuluwale 2024 ofesi yoteteza zinsinsi za anthu ku Britain inalamula kampani ya Serco Leisure ndi anzake kuti asiye kugwiritsa ntchito nkhope ndi zidindo za zala polemba nthawi ya antchito oposa 2,000 pa malo 38 ochitira masewero. Kampaniyo inalephera kuonetsa chifukwa chimene khadi wamba sakanakwanira, antchito sanapatsidwe njira ina yomveka, ndipo kuyezedwako kunali ngati khomo lolandirira malipiro. Inauzidwanso kuti iwononge zimene inatolerazo. Amalawi ndi anthu a ku Zambia amene akugwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba kapena m'nyumba zosungira katundu ku Britain amatetezedwa ndi lamulo lomweli, ngakhale si nzika za dzikolo. Kusukulu za ku England ndi Wales lamulo la mu 2012 limafuna chilolezo cholembedwa cha kholo, ndipo mwana akakana yekha, sukulu iyenera kumupezera njira ina yobwerekera buku kapena kulandirira chakudya.

Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amagwira ntchito za ulonda, za m'mafakitale ndi za m'mafamu, lamulo la POPIA nalonso limaika zizindikiro za m'thupi m'gulu lapadera, ndipo madandaulo amapita ku ofesi ya Information Regulator. Zambia ndi Zimbabwe anakhazikitsa malamulo awo oteteza zinsinsi za anthu mu 2021.

Ku Malawi makina amene anthu amakumana nawo kwambiri ndi a zidindo za zala ndi a nkhope, koma lamulo lake ndi limodzi ndi la oyeza dzanja. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, n'kutenga zithunzi ndi zidindo za zala zawo. Lero chiphaso cha unzika chimafunika polembetsa nambala ya foni, potsegula akaunti kubanki ndi pogula feteleza wotsika mtengo. Mpaka mu 2024 chitetezo chinali m'gawo 21 la malamulo aakulu a dziko, lonena za ufulu wa chinsinsi cha munthu, ndi m'ndime zingapo za lamulo la zochitika pa intaneti la mu 2016. Lamulo lapadera, la Data Protection Act, linabwera mu 2024, patapita zaka 7 chilembetsereni mamiliyoni a anthu aja. Linachedwa, ndipo anthu ambiri amene limawateteza sanalimvepo.

Lamuloli limaika zizindikiro za m'thupi m'gulu la zinthu zofunika kusamala mwapadera, pamodzi ndi za umoyo wa munthu, chipembedzo ndi mtundu wake. Aliyense wotolera zinthu zokhudza anthu, kaya ndi kampani, sukulu, chipatala kapena nthambi ya boma, ayenera kukhala ndi chifukwa chovomerezeka ndi lamulo, kunena cholinga chake poyera, kutenga zokhazo zofunika pa cholingacho, kuziteteza, ndi kusazisunga mpaka kalekale. Mwini wake ali ndi ufulu wofunsa zimene zasungidwa zokhudza iye, wokonzetsa zolakwika, wotsutsa kagwiritsidwe ntchito kake, ndi wopempha kuti zifufutidwe pamene palibenso chifukwa chozisungira. Zikabedwa kapena kuululika, wozisungayo ayenera kudziwitsa oyang'anira lamuloli pasanathe maola 72. Udindo woyang'anirawo unaperekedwa ku bungwe loona za mawailesi ndi matelefoni la MACRA.

Kuti ngozi yake si nkhani ya kutali zinaoneka kumayambiriro kwa chaka chomwecho cha 2024, pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena analowerera makompyuta a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko n'kumafuna dipo. Ngati zinachitika ku nthambi ya boma, kampani yaing'ono imene imasunga miyezo ya antchito ake pa kompyuta ya mlembi, yopanda ngakhale nambala yachinsinsi yolimba, iyenera kudzifunsa kawiri isanagule makina.

Ufulu wa chinsinsi uli ndi malire, ndipo ndi bwino kusiyanitsa boma ndi bwana. Kulembetsa chiphaso cha unzika ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo, munthu sangakane chifukwa choti sakufuna. Ngakhale pamenepo gawo 44 la malamulo aakulu limati kuchepetsa ufulu kulikonse kukhale kolembedwa m'lamulo, koyenera, kovomerezeka pa miyezo ya ufulu wa anthu ya dziko lonse, ndiponso kofunikadi m'dziko la demokalase. Mwini sitolo, sukulu yoyima payokha kapena kampani ya alonda alibe mphamvu ya Nyumba ya Malamulo. Ayenera kuonetsa kuti vuto limene akufuna kuthetsa ndi lenileni ndipo njira yopepuka yalephera. Malo osungira mankhwala oopsa kapena zophulitsira miyala ali ndi chifukwa champhamvu choyezera manja a olowa. Ofesi ya anthu khumi amene amadziwana mayina ndi midzi yawo ingavutike kufotokoza chifukwa chimene buku losainira silikukwanira.

Choncho munthu amene wauzidwa kuti kuyambira Lolemba aziika dzanja pa makina sakuchita mwano akafunsa mafunso. Afunse chimene makinawo akutenga, ngati ndi miyezo chabe kapena chithunzi cha chikhatho ndi zala. Afunse kumene zikusungidwa: m'makina momwemo, pa khadi imene iye mwini amayenda nayo, pa kompyuta ya kampani, kapena kwa ogulitsa makina amene mwina ali kunja kwa dziko. Kusunga pa khadi ya mwini wake ndiko kwabwino koposa, chifukwa sipakhala mulu umodzi woti wakuba atenge. Afunse amene ali ndi mwayi woziona, ngati zidzaperekedwa kwa wina, ndi tsiku limene zidzafufutidwe. Funso lolemera kuposa onsewa ndi la njira ina: wovulala, wolumala, kapena amene chikumbumtima chake sichikumulola, adzalemba bwanji nthawi yake, ndipo kodi akasankha njira imeneyo adzaonedwa ngati woukira? Gawo 33 la malamulo aakulu limateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo. Mayankho apemphedwe polemba, chifukwa za pakamwa zimatha bwana akasinthidwa.

Wantchito naye ali ndi mbali yake. Makinawa anabwera chifukwa cha mavuto enieni: kusainirana, kujomba, ndi mayina a anthu amene kulibe koma akulandira malipiro, vuto limene lakhala likudya ndalama za boma m'maiko ambiri a mu Africa. Amene akupempha njira ina ayenera kuigwiritsa ntchito mokhulupirika, osati ngati mpata wobera nthawi. Wovulala dzanja adziwitse ofesi tsiku lomwelo kuti amulembe mwa njira ina ndi kumuyezanso akachira, m'malo modikira tsiku la malipiro. Makina akamukana, alembe tsiku ndi ola lake ndipo pakhale mboni. Fomu aiwerenge asanasaine, ndipo amene sadziwa kuwerenga ali ndi ufulu woti amuwerengere m'chinenero chimene amamva asanadinde chala. Chiphaso cha unzika sichoyenera kusiyidwa kwa mavenda kapena kwa obwereketsa katapila ngati chikole. Amene ntchito yawo ndi yoyendetsa makinawa, alembi ndi akatswiri a makompyuta, adziwe kuti kutulutsa mndandanda wa kayendedwe ka mnzawo kwa munthu wosayenera n'kuphwanya lamulo, ngakhale wopemphayo atakhala mkulu pakampanipo.

Zinthu zikavuta, poyambira ndi kalata yopita kwa bwana kapena kwa woyang'anira antchito, ndipo wolembayo asunge kope lake. Bungwe la apantchito, pamene lilipo, lingathe kukambirana za makina m'malo mwa onse, zimene zimateteza munthu mmodzi kuti asaoneke ngati wovuta. Nkhani ya malipiro odulidwa kapena kuchotsedwa ntchito imapita ku ofesi ya zantchito ya m'boma lililonse, ndipo ikakanika kumeneko imakafika ku bwalo la Industrial Relations Court. Dandaulo la kasungidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka zizindikiro za m'thupi limapita ku MACRA. Tsankho la ulumali kapena la chipembedzo lingatengeredwe ku Malawi Human Rights Commission, kusachita chilungamo kwa nthambi za boma ku ofesi ya Ombudsman, ndipo wosowa ndalama za loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau.

Chimene ambiri amaiwala ndi tsiku losiya ntchito. Yunifomu imabwezedwa, makiyi amabwezedwa, koma miyezo ya dzanja imatsala m'makina, nthawi zina mpaka makinawo kugulitsidwa kapena kutayidwa. Wochoka pantchito alembe kalata yaifupi yotchula dzina lake, nambala yake ya ntchito ndi tsiku limene wasiya, yopempha kuti zizindikiro zake za m'thupi zifufutidwe m'makina, pa kompyuta ya kampani ndi kwa ogulitsa makina, komanso kuti amuyankhe polemba zikachitika. Kampani ingathe kusunga mbiri ya malipiro ndi ya msonkho monga malamulo ena amafunira, koma pa zimenezo miyezo ya zala sifunika. Masabata angapo akadutsa popanda yankho, kope la kalatayo ndi limene wodandaula amapita nalo ku MACRA.